Vuto Linali pa Kamchira

9 Febuluwale

Wokondedwa mwana wanga Namafunso,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino kutaliko. Ife kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija, lomwe limadziwa za mvula kuposa anthu a pawailesi. Usandifunse chifukwa chake ndikulemba pamanja pomwe foni ilipo. Pafoni umangoti, "Ndili bwino amayi, ndikuthamangira kuntchito," basi wadula. Pepala silithamangira kuntchito.

Tandiuza, ukudya koma? Pa chithunzi chija wavala chijasi choyera masaya akuoneka olowa. Ndinawaonetsa anzanga a kutchalitchi, ndipo ndinawauza kuti chitsirizira changa chili ku yunivesite ya kunja, chikufufuza za mbewu. Mayi wa pagolosale uja wandipempha kuti ukamabwera umutengereko mbewu ya tomato yosagwidwa ndi matenda. Inenso undiganizireko ya kabichi, poti kuseri kwa nyumba ndalimako kadimba.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi. Mchimwene wako ndi mkazi wake zaka zapita ndithu, koma m'nyumba muli zii. Iye anapita kuchipatala, anamuyeza, pepala linatuluka lakuti zonse zili bwino. Ndinaliona ndi maso angawa. Ndiye tandiuza iwe wophunzira, ngati wabzala mbewu yabwino koma sikumera, umayang'ana chiyani? Si nthaka kodi? Mlamu wako ndi munthu wabwino, pa makina osokera palibe womuposa, ulemu ali nawo. Koma ulemu suyamwa, ulemu sungaubereke kumbuyo. Ine ndikukalamba, ndipo anzanga onse ali ndi owatcha agogo. Ndayamba kumuyankhula pang'onopang'ono, mwachikondi, kuti aganizire mwamuna wake.

Undiyankhe pa pepala, osati pafoni. Uvale zofunda.

Ine mayi ako.

2 Malichi

Okondedwa Amayi,

Moni wochuluka. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa masitepe, ndikuseka ndekha, mpaka mnzanga amene ndimakhala naye nyumba anasuzumira kuti aone ngati mutu wanga uli bwino. Ndikudya, amayi. Masaya aja ndi kamera. Bondolo muzilipaka mafuta aja ndinakusiyirani, musamangowasunga ngati chuma.

Za mbewu zija, pepani, pali kusamvana. Mayi a pagolosale muwauze kuti tomato ndilibe. Mbewu zimene ndimafufuza ine si zobzala kudimba. Ndalemba n'kufufuta, ndalemba n'kufufuta, koma ndingonena. Ndi mbewu za abambo, zimene zimakumana ndi dzira la mayi kuti pakhale mwana. Kawirikawiri timagwiritsa ntchito za mbewa zoyera zimene timaweta mu labotale, nthawi zina za anthu amene adzipereka okha. Tsiku lonse ndimakhala m'kachipinda kopanda zenera, diso lili pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Ndimaonera timbewuto tikusambira ndi timichira tawo. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti timamva bwanji kuti tayandikira dzira, pomwe tilibe maso ngakhale makutu.

Tsopano mwadziwa chifukwa chake ndinkangoti "mbewu" n'kusintha nkhani. Kutchalitchi mukhoza kupitiriza kunena choncho. Si bodza.

Koma za alamu, chonde amayi, musawapanikize. Pepala la achimwene lija limanena zochepa kuposa mmene mukuganizira. Pali zambiri zimene silingaone. Mkazi uja ndi amene anakusamalirani m'chipatala ine ndili kuno, ndipo palibe umboni wakuti vuto lili mwa iwo. Ndiuzeni mmene zikuyendera.

Ine mwana wanu.

20 Malichi

Okondedwa alamu,

Mudabwa kuona dzanja lachilendo. Ndine mkazi wa achimwene anu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ntchito. Ndikulemba ndili ku shopu, pepala ndaika pa thebulo lodulirapo nsalu, chifukwa kunyumba makoma ndi opyapyala ndipo foni timabwerekana.

Kalata yanu apongozi anandipatsa ine kuti ndiwawerengere, poti magalasi awo anathyoka mwendo. Nditangofika pa "mbewu za abambo" anandilanda pepala, n'kunena kuti, "Basi, zotsalazo ndi za mbewa." Koma maso anga anali atathamangira kale kumunsi, pamene munalemba za ine. Zikomo alamu. Papita nthawi munthu asanandiikire kumbuyo.

Ndikuuzeni mmene zilili. Ine ndayezedwa paliponse pamene munthu angayezedwe. Magazi, chiberekero, njira za mazira anathiramo mankhwala n'kujambula, ululu wake sindingaufotokoze. Adokotala anati zonse ndi zotseguka. Achimwene anu anapita kamodzi kokha, m'mawa, ndipo pofika masana anali atabwerera ku galaja ndi pepala lakuti mbewu zilipo zambiri ndipo zikuyenda. Chiyambire tsiku limenelo pepalalo ndi limene limayankhula m'banja mwathu. Iwo sananditukwanepo, ayi, ndisawanamizire. Amangokhala chete, nthawi zina amandigulira nsapato. Koma ndamwa zowawa zonse zimene anthu amabweretsa m'mabotolo, ndipo ndikafika pa gulu la amayi nkhani ya ana imaduka ngati ulusi.

Sabata yatha apongozi anandiuza kuti mkazi wokonda mwamuna wake samutsekera njira. Ndinawamva bwinobwino. Kuseri kwa shopu kuno kuli kachipinda kosungiramo nsalu, ndipo ndayamba kukayeza ndi maso ngati matiresi angakwanemo.

Ndisanatero, ndati ndifunse inu amene mumaziona zinthuzi tsiku ndi tsiku. Munati pepala lija limanena zochepa. Limasiya chiyani?

Ine mlamu wanu.

11 Epulo

Okondedwa achimwene,

Moni. Kodi galaja ikuyenda? Chala chija munapsa ndi ekizozi chinapola? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira.

Ndikudziwa kuti nkhani imene ndikulembayi mlongo sakamba ndi mlongo wake. Ndasinkhasinkha, ndipo ndaona kuti kuli bwino mundikwiyire kusiyana n'kuti banja lanu lithe ine nditatseka pakamwa. Alamu anandifunsa funso, yankho lake likukhudza inu, ndiye ndati ndisadutse kuseri.

Mumaidziwa njinga yamoto imene imalira bwino ili pa galaja, imathamanga pa msewu wosalala, koma ikafika pa chitunda giya imakana kulowa? Amene wangoimvetsera angalumbire kuti ilibe vuto. Kuyeza kumene anakuyezani kuja kuli choncho. Amawerenga mbewu, amaona maonekedwe ake, amaona ngati zikuyenda. Basi.

Koma ulendo suthera pamenepo. Kambewu kakalowa m'thupi la mayi kamayenera kulandira uthenga. Pa kamchira kake pali tizitseko ting'onoting'ono kwambiri. Madzi a m'njira ya chiberekero ndi amene amagogoda. Tizitsekoto tikatseguka, mchere wina wotchedwa kashiamu umalowa, ndipo kamchira kamasiya kusambira mofatsa, kamayamba kumenya ngati chikwapu. Mphamvu imeneyo ndi imene imathandiza kuboola chikopa chimene chimakuta dzira. Pali amuna ena, athanzi labwino, amene anabadwa tizitsekoti tili tosagwira ntchito. Mbewu zawo ndi zambiri, zimayenda bwino, pepala limatuluka loyera, koma zikafika pa dzira zimalephera kulowa. Si matenda otenga kwa munthu, si chilango, ndipo sizikhudza mphamvu za mwamuna m'nyumba.

Sindikunena kuti inu muli choncho. Sindingadziwe ndili kuno. Mwina vuto lili pena, mwinanso silidzapezeka n'komwe. Koma ku chipatala chachikulu chophunzitsira madokotala, mumzinda muja, kuli dokotala wina wamkazi amene timagwira naye kafukufuku, ndipo iye amayeza zimenezi. Nambala yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Alamu ayezedwa mokwanira, achimwene. Patsala khomo limodzi lokha limene simunagogode.

Ine mlongo wanu, amene amakulemekezani.

29 Epulo

Namafunso,

Kalata yako ndaiona. Tili bwino.

Bambo atamwalira ndinakulera ndine. Ndinkakukweza pa njinga kupita nawe kusukulu, mvula kaya dzuwa, iwe uli kumbuyo kundifunsa chifukwa chake mwezi umatitsatira. Sindinadziwe kuti sukuluyo idzakuphunzitsa kusuzumira m'thalauza la mchimwene wako. Mbewa zakozo uziyeza komweko. Ine si mbewa, ndiponso si njinga yamoto. Dokotala wa kuno nayenso anapita kusukulu, ndipo pepala lake ndili nalo.

Mkazi wanga ngati ali ndi funso, makutu ndili nawo. Panalibe chifukwa chowolotsera nyanja nkhani za m'nyumba mwanga.

Usandilemberenso za izi.

Mchimwene wako.

14 Julayi

Wokondedwa mwana wanga,

Uli bwanji? Wangoti zii ngati wamira. Magalasi ndinakonzetsa, ndiye kalata zako ndikhoza kuwerenga ndekha, zikanakhala kuti zikubwera.

Kodi unamulembera chiyani mchimwene wako? Anyamata a pa galaja akuti kalata ija anaiwerenga, anaipinda, n'kuiponya m'bokosi la masipanala, ndipo chiyambire pamenepo munthu wasanduka chitsa. Ndikatchula dzina lako amadzuka n'kukasamba m'manja. Ine ndikuganiza kuti unamuuza kuti apeze mkazi wina, poti anthu ophunzira simuzungulira poyankhula. Ngati zili choncho, mwina unanena zoona, koma unafulumira.

Mlamu wako anachoka mwezi watha. Panalibe phokoso. Anachapa zovala zonse, anasita, anakolopa, n'kutenga chikwama chake kupita kukakhala kuseri kwa shopu. Ndimayesa ndikondwa, mwana wanga. Koma nyumba ija yazizira. Mchimwene wako akudya chiimirire, malaya akuvala omwewo, makatani sakutsegula. Ndinamuuza za mtsikana wina wa pakwaya, anandiyang'ana ngati ndamuponda pachilonda. Ine ndinkafuna mdzukulu, sindinkafuna kuti mwana wanga aziyankhula ndi khoma.

Dzana kwabwera diresi langa lija ndinamupatsa mlamu wako kalekale kuti achepetse m'chiuno. Watumiza losita, lopinda bwino, ndipo wasokereranso batani limene sindinamuuze n'komwe. Ndaliika mu sutikesi, sindikudziwa chifukwa chake ndikulephera kulivala.

Lemba. Undiuze chimene unanena.

Ine mayi ako.

30 Julayi

Okondedwa Amayi,

Moni. Pepani chifukwa cha kukhala chete. Sindinamire, ndinangosowa poyambira.

Za mkazi wina sindinanenepo, ndipo sindinganene. Zimene ndinalemba ndi za achimwene eni ake, akafuna adzakuuzani okha. Mwina ndinalemba mosayenera, mwina ndikanadikira kubwera kudzayankhula pamaso. Nkhani ya kuchoka kwa alamu yandilasa mtima, chifukwa ndimafuna kumanga, ndipo zikuoneka ngati ndathandiza kugumula. Masiku ano ndikayang'ana pa maikulosikopu maso amadzaza misozi, mpaka abwana anga anandifunsa ngati mankhwala a mu labotale akundiyabwa.

Ndikupempheni ziwiri. Za mtsikana wa pakwaya zilekeni kaye. Ndipo mukawaona achimwene muwauze kuti Namafunso akupereka moni, basi, osawonjezera kanthu. Akadzuka kukasamba m'manja, asiyeni asambe.

Diresilo valani, amayi.

Ine mwana wanu.

6 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Dzanja langa linazolowera sipanala osati cholembera, ndiye upirire.

Mwezi wa Ogasiti ndinakonza njinga ya kasitomala wina, ndipo poiyesa ndinadutsa msewu wa shopu ya mlamu wako. Ndinaima, kunamizira kuti tcheni chamasuka. Chitseko chinali chotsegula. M'katimo munali mayi wina woyembekezera, akuona tizovala ta khanda timene mlamu wako anamusokera. Anatitembenuza, anatiyamikira, kenako anati, "Ee, anthu opanda ana inu mumasoka bwino, nthawi muli nayo." Mlamu wako anaseka. Anaseka, mlongo wanga, n'kunena kuti zikomo, n'kumukulungira tizovalato. Kaseko kameneko n'kamene kanandipweteka. Ndinaona kuti anakazolowera, wakhala akuseka choncho zaka zonsezi, ine ndikuyenda ndi pepala langa m'thumba ngati chiphaso.

Ndinabwerera ku galaja n'kutsegula bokosi la masipanala. Kalata yako inali itada ndi girisi, koma nambala inkawerengeka.

Ndinapita ndekha, osauza munthu. Za kachipinda ndi kabotolo kamene amakupatsa sindikuuza, ndiwe mlongo wanga. Dokotala uja ndi munthu wofatsa. Atamaliza anandiitanira pa kompyuta. Mbali ina panali mbewu za munthu wina wosadziwika, mbali ina zanga. Zonse zinkasambira bwinobwino, ine mumtima n'kumati, mwaonatu. Kenako anandionetsa zitathiridwa timadzi tofanana ndi ta m'thupi la mayi. Za mnzangayo zinachita ngati zalumidwa ndi mavu, timichira kukwapula uku ndi uku. Zanga zinkangopita, mwaulemu, ngati anthu ochokera ku maliro.

Ndinati, "Adokotala, mwina zatopa ndi ulendo?"

Iwo anati, "Ayi bambo. Sizikumva kugogoda."

Ananditenganso magazi, ndipo atandiitana kachiwiri anatsimikiza kuti ndinabadwa choncho. Ndinakhala pa benchi panja nthawi yaitali, ndikuyang'ana anthu akulowa ndi kutuluka. Manyazi anabwera, inde. Koma pambuyo pake ndinamva ngati ndatula chikatundu chimene sindinkadziwa kuti ndasenza.

Akuti njira ilipo. Amatenga kambewu kamodzi ndi kasingano kopyapyala kuposa tsitsi, n'kukalowetsa okha m'dzira, kenako n'kubwezera m'chiberekero. Poti ndavomera kulowa m'kafukufuku wawo, atithandiza. Sanalonjeze mwana. Anati tiyesa.

Ndinayamba ndi kuuza mlamu wako. Ndinaima pakhomo pa shopu, chipewa chili m'manja, n'kunena zonse. Anaimitsa makina, kenako anati, "Mwadya?" Koma kubwerera kunyumba wakana. Akuti anachoka ndi mawu a apongozi ake, adzabwereranso ndi mawu a apongozi ake. Ndiye Lamlungu ndikupita kwa amayi.

Mawu aja ndinakulembera uwataye. Zikomo poti sunaope kundikwiyitsa.

Ine mchimwene wako.

25 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga,

Moni. Ndili bwino, ndipo nkhani ndili nazo zodzaza dengu.

Mchimwene wako anabwera Lamlungu masana. Anakhala pa mpando wa malemu bambo ako, n'kundifotokozera zonse, tizitseko, timichira, maso ali pansi. Mwana wamwamuna kuuza mayi ake zotere, si zamasewera. Ndinati, "Nanga pepala lija?" Anati, "Silinaname amayi, linangonena zimene linaona." Ndinati, "Ndiye kuti ndinakubereka ndine choncho?" Anati palibe wolakwa, ngati mmene palibe wolakwa munthu akabadwa wamanzere.

M'mawa mwake ndinavala diresi lija n'kupita ku shopu. Ndinapeza makasitomala ali pa benchi. Ndinati ndidikire achoke, koma ndinaganiza kuti mawu anga oyamba aja anamveka msewu wonse, ndiye awanso amveke. Ndinati, "Mwana wanga, ndabwera kudzakutenga. Ndinakuloza chala popanda chifukwa. Tiye kwanu."

Ukudziwa chimene anayankha? Anati, "Amayi, ndimalize kaye siketi iyi." Ndiye ine, munthu wamkulu, ndinakhala pa benchi pakati pa makasitomala, kudikira siketi ya munthu. Mpaka ndinamugwirirako mpendero. Atamaliza anatseka shopu, ine ndinalimbikira kunyamula chikwama chake, koma tisanafike pa mphambano bondo linandikana, ndipo mapeto ake iye ananyamula chikwama ndi ine ndemwe, atandikolowekera mkono. Anthu ankatiyang'ana. Ayang'ane.

Iwe uli mwana unkandichititsa manyazi ndi mafunso pamaso pa alendo. Unafunsapo abusa chifukwa chake m'mphuno mwawo muli tsitsi. Ndinkakutsina. Lero ndikuti zikomo, mwana wanga, chifukwa cha mutu wakowo.

Anzanga a kutchalitchi ndawauza ntchito yako yeniyeni. Mayi wa pagolosale anatsamwa ndi tiyi. Koma titatuluka anandikokera pambali kundifunsa nambala ya dokotala uja, akuti ndi za mwana wa mnzake. Ndinamupatsa, sindinafunse kuti mnzake uti.

Ine mayi ako.

18 Malichi, chaka chotsatira

Okondedwa alamu,

Moni wa kwa tonse. Muli bwanji kumeneko? Pepani kuti ndatenga nthawi, ndimafuna ndilembe nkhani itapsa.

Tinayamba mwezi wa Januwale. Majakisoni a pamimba tsiku lililonse, ndipo wondibaya anali achimwene anu. Pa injini saopa kanthu, koma pa ine ankachita mantha mpaka ndinkachita kuwalimbitsa mtima ine wobayidwa. Apongozi anadzipatsa ntchito yosunga nthawi. Ikangokwana ankagogoda ndi ndodo pa zenera ngati woyang'anira mayeso.

Atanditenga mazira, adokotala anationetsa pa kompyuta. Ndinaona dzira langa, alamu, lozungulira ngati mwezi, ndi kasingano kakulowa pang'onopang'ono. Achimwene anu anandifinya dzanja mpaka mphete inandipweteka. Patapita masiku anabwezera dzira limodzi m'chiberekero, n'kutiuza kuti tidikire. Ndinkayenda ngati ndanyamula madzi odzaza m'beseni.

Sizinagwire.

Ndati ndikuuzeni ndekha musanamve kwa wina n'kuyamba kudziimba mlandu. Ndinalira, sindibisa. Koma mumve izi. Kale mwezi ukandikhumudwitsa ndinkalirira ku bafa, nditatsegula mpope kuti munthu asamve. Ulendo uno ndinalirira pabalaza, mutu uli pa miyendo ya apongozi, achimwene anu atakhala pansi atandigwira mapazi. Apongozi ankangoti, "Lira mwana wanga, ndi wathu tonse ameneyu." Sindinadziwe kuti chisoni chogawana chimapepuka chonchi.

Adokotala akuti pali mazira ena amene anawasunga mozizira, ndipo thupi likapuma tidzayesanso. Ndavomera. Koma ngakhale mwana asadzabwere, inu mwandibwezera nyumba yanga ndi nkhope yanga. Masiku ano kasitomala akayankhula zopusa sindisekanso. Ndimangomuyang'ana mpaka ayambe kufunafuna chinthu m'chikwama.

Munditumizire miyezo yanu, ndikufuna ndikusokereni chinachake chokongola kuposa chijasi choyera chija.

Ine mlamu wanu.

5 Epulo

Okondedwa alamu,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerengera pa thebulo langa la mu labotale, magolovesi ndili chivalire. Pepani kwambiri. Ndikanakonda ndikanakhala pabalaza pamenepo, ndigwireko ngakhale chala.

Musataye mtima, ndiponso musadzikakamize. Ambiri ulendo woyamba sizigwira, ndipo si chifukwa cha chimene munachita kapena simunachite. Pumulani, idyani, muwalole achimwene azichapa.

Mukundithokoza, koma nanenso ndili ndi zikomo wanga. Nthawi imene munandilembera koyamba ija zofufuza zanga zinali zikukanika miyezi yambiri, ndipo ndinkadzifunsa kuti kuonera timichira m'chipinda chopanda zenera kumathandiza ndani. Ndinali nditayamba kuyang'ana ntchito ina. Funso lanu lija ndi limene linandikhazikanso pa mpando. Tsopano m'mawa ndikamayatsa makina ndimadziwa nkhope za anthu amene ndikuwagwirira ntchito.

Miyezo ndalemba pansipa. Musawaonetse amayi, anganene kuti sindikudya.

Ine mlamu wanu.

21 Malichi, chaka chinanso

Mlongo wanga,

Moni. Pafoni paja sindinathe kuyankhula, unangomva munthu wamkulu akufwenthera, ndiye ndati ndilembe kuti umve bwinobwino.

Ndi mtsikana. Anabadwa Lachiwiri m'mawa, mvula ikugwa. Mayi ake anawachita opaleshoni, koma ali bwino, akuyenda pang'onopang'ono atagwira khoma, ndipo akulamula aliyense. Anesi atamubweretsa ndinabisa manja kumbuyo, poti girisi wa m'zikhadabo zanga sachoka ngakhale nditsuke bwanji. Namwino wina wachikulire anati, "Bambo, mwanayu sanabwere kudzaona zikhadabo, tambasulani manja." Ndinatambasula. Ndanyamulapo mainjini ine, koma sindinanyamulepo chinthu cholemera ngati kamunthu kameneka.

Ali ndi chipumi chako, pepa. Amayi akuti mphuno ndi ya malemu bambo, mlamu wako akuti ndi yake, ine sindilowererapo. Amayi anawatulutsa mu wodi chifukwa choimba mokweza, ndipo anakapitiriza nyimboyo pa khonde, alonda akuwombera m'manja.

Dokotala uja anabwera kudzamuona. Ndinamufunsa ngati mwanayu adzavutike ngati ine, anati tizitseko tija ndi ta amuna okha, iye sizimukhudza. Ndinafuna kumuthokoza ndi mawu ambiri, koma anangotuluka awiri. Anati ena otsalawo ndikupatse iwe.

Dzina sitinamupatse. Mlamu wako akuti tidikire azakhali ake, ndipo amayi, kwa nthawi yoyamba chibadwire changa, sanatsutse. Pakadali pano tikungomuitana kuti Mlendo. Ndiye pempha tchuthi kwa abwana ako ubwere msanga, munthu asakule wopanda dzina. Chipinda chako ndapenta.

Ukhululuke zilembo zokhotakhotazi. Ndikulemba ndi dzanja limodzi, pepala lili pa bondo. Dzanja linalo wagonera iye. Lachita dzanzi kalekale, koma sindilisuntha.

Ine mchimwene wako, bambo wa mwana.